Dailesi ndi Masitampa Opanda Mano

Pali kulakwitsa kwina kumene munthu umachita uli wekha, n'kukonza anthu asanaone. Ndiye pali kwina kumene umachita holo itadzaza, dzina lako litalembedwa pansi pake m'zilembo zikuluzikulu. Ngati munalawapo kwachiwiriku, ndipo mpaka lero simunakuiwale, nkhani ya Dailesi Likoswe ndi yanu.

Linali Loweruka la mvula ku Mzuzu, zaka za m'ma 1980 zitangoyamba, nthawi ya chipani chimodzi ija. Amayi a Umanyano, amene ife akummwera timati a Mvano, anasonkhana m'holo ya tchalitchi chawo kuti agulitse chuma chimene anachisunga zaka zambiri: chitini cha mabisiketi chodzaza ndi masitampa akale. Ena anachoka pa makalata a amishoni amene anabwerera kwawo kalekale, ena pa makalata a amuna amene anali kumigodi. Wogula anali atapezeka, mphunzitsi wina wachizungu wa kusekondale amene ankakonda masitampa ngati mmene ena amakondera nkhunda. Zimene akanapereka zinali zoti zikathandize ana osaona.

Ntchito yosanja masitampawo, iliyonse pansi pa dzina la dziko lake, anapatsidwa Dailesi. Anali mtsikana wosakwana zaka makumi awiri, mwana wa bambo Likoswe a ku Thyolo, amene ankagwira ukalaliki pa kampani ina ya matabwa.

Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse, ndipo apa mpamene pali chisoni. Ataona kuti m'mbali mwa sitampa iliyonse muli timano tooneka ngati mbewa yapitapo, anati zoterezi sangazionetse kwa mlendo. Anabwereka sizasi kwa telala, n'kumeta masitampa onse mbali zinayi mpaka kuwongoka bwinobwino. Kenaka anaphika phala la ufa wa kondowole n'kuwamata pa makatoni, gwa, kuti ngakhale mphepo ya kuphiri la Kaning'ina isawasunthe.

Mayina a mayiko anawalemba ndi dzanja lokongola kwabasi. Masitampa olembedwa Helvetia anawapatsa dziko lawolawo, n'kuonjezera kuti lili kufupi ndi India. Ena anali ndi mutu wa mfumu yandevu popanda dzina la dziko. Amenewo anawaika pansi pa Portugal, poti mzungu wandevu amene ankamukumbukira m'buku la kusukulu anali Mpwitikizi. Onse a zilembo zosawerengeka anawaunjika pamodzi n'kulemba pamwamba kuti China. Sanafunse munthu aliyense. Akanafunsa bwanji, iye amene ankakhoza jogalafe kuposa kalasi yonse?

Mphunzitsi uja analowa akumwetulira. Atafika pa katoni yoyamba, kumwetulirako kunazima. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Kenaka anafunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka.

"Mano ali kuti?"

Anagogoda katoniyo ndi chala.

"Mano a masitampa. Ndani wadula mano?"

Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anafotokoza modekha kuti sitampa ikadulidwa mano yafa, palibe wosunga masitampa angaigule. Atafika pa katoni ya China analoza ndi chala: iyi Greece, iyi Japan, iyi Russia. Atamva za Russia amayi ena anayang'ana kukhomo, poti masiku amenewo dzina limeneli silinkatchulidwa mokweza. Mlendoyo anapepesa, n'kutenga ambulera yake, n'kumapita.

"Ife timati tapeza clerk," anatero mayi wina kumbuyo, "kani tapeza dokotala wa mano!"

Anthu anaseka, ena mpaka kupukuta misozi. Bambo Likoswe, amene anabwera kudzaonerera, anadzuka n'kutuluka osayang'ana mwana wawo.

Mwa amayiwo, mmodzi yekha sanaseke. Anali Mama Marjorie NyaMhango, wapampando wa amayiwo, amenenso anali ndi sitolo ya mabuku ndi zolembera kufupi ndi msika. Iwowa ndi amene anamupatsa Dailesi ntchitoyo amayi ena akukana. Anabwera pafupi n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mwana wane, ine ndinakuimira pamaso pa amayi onsewa. Bwanji sunafunse?"

Dailesi anangozyolika.

Kuti mumvetse kulemera kwa tsikulo, muyenera kudziwa kuti aka sikanali koyamba Dailesi kuchititsa manyazi nyumba ya bambo ake. Ali Fomu 2 anatenga pathupi, ndipo nthawi imeneyo mtsikana akatero sukulu yathera pomwepo, kubwererako kunalibe. Mnyamata wake anakwera basi, mpaka lero. Mayi ake a Dailesi anali atamwalira kale. Iye anabereka mwana wamkazi, Stella, n'kumakhala naye m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bambo ake ku Salisbury Lines, dera lina la mu Mzuzu.

Kwathu kummwera mwini mbumba ndi malume. Amalume ake a Dailesi, a Boniface, anali atatumiza kale mawu kuchokera ku Thyolo: mvula ikatha abwera, ndipo akadzapeza Dailesi alibe pogwira, Stella adzamutenga akakulire kumudzi, Dailesiyo akalere ana a eni ake ku Limbe. Mama Marjorie anali atanena kuti ntchito ya masitampa ikayenda bwino amuganizira malo m'sitolo. Tsono sizasi ija sinadule mano okha. Inadulanso njira yokhayo imene Dailesi anali nayo yokhalira ndi mwana wake.

Masiku otsatira sanatuluke. Madzi ankatunga anthu asanachuluke pampopi, kutchalitchi osapondako. Ana a m'derali anapeka kanyimbo, akumadutsa kuseri kwa nyumba atagwira tsaya: "Adokotala, ndizuleni dzino!" Ana a Salisbury Lines akapeza nyimbo sasiya msanga.

Kenaka amayi awiri anabwera ndi chitini cha mabisiketi chija, chopanda kanthu, n'kuchisiya pakhomo.

"Tenga, uziikamo mano," anatero mmodzi, n'kumapita.

Dailesi analira mpaka mwana nayenso anayamba kulira. Anafika poganiza kuti mwina amalume akunena zoona, mwana uyu akulira bwino kutali ndi mayi wosekedwa. Anamuyang'ana Stella akuyamwa, kadzanja katagwira kolala ya bulauzi yake. Anayang'ananso chitini chija. Madzi akatayika sawoleka, masitampa odulidwa aja sakanameranso mano. Koma chitini chikanatha kudzazidwanso.

Mwayi wake unali umodzi wokha: mvula ya ku Mzuzu sidziwa kutsanzika. Kwina ikatha mu Malichi, kuno imakhala ikuwazabe ngati mlendo woti waima pakhomo koma nkhani sizikutha.

Munthu woyamba kumufunsa anali amene ankamuopa kwambiri. Anabereka mwana kumsana, n'kuyenda m'matope mpaka kunyumba za aphunzitsi, n'kukaima pageti. Anabwerera kawiri asanagogode. Mphunzitsi uja atatuluka anamuzindikira nthawi yomweyo, ndipo Dailesi analakalaka nthaka itang'ambika.

"Ndine amene ndinadula mano," anatero maso ali pansi. "Ndabwera kuti mundiuze mmene ndikanachitira."

Mzunguyo anabweretsa kambale ka madzi. Anaikamo kangodya ka envelopu, n'kudikira mpaka sitampa inadzilekanitsa yokha ndi pepala. Anaiyanika chafufumimba pa nyuzipepala, n'kunena kuti ikauma aipanikize pansi pa buku lolemera. Sizasi ayi, phala ayi. Za mayiko anamuuza zochepa: Helvetia ndi Switzerland, ndipo sitampa yokhala ndi mutu wa mfumu kapena mfumukazi popanda dzina la dziko ndi ya ku Britain.

"Ine sindidziwa onse, ndipo temu ikatha ndikupita kwathu," anatero. "Funsa amene analandira kalata. Iye amadziwa kumene inachokera."

Mawu amenewa Dailesi anawasandutsa lamulo lake: sitampa iliyonse ikhale ndi mboni. Sadzalembanso dzina la dziko pokhapokha munthu atamuuza.

Koma kupempha maenvelopu akale nthawi imeneyo sikunali ngati kupempha moto. Munthu wolandira kalata yakunja ankaiwerenga chitseko chili chotseka, ndipo akaona mtsikana wachilendo akufunsa za envelopu, mtima unkamuuza kuti watumidwa. Pa ofesi yoyamba anamuthamangitsa. Pa yachiwiri mesenjala anamufunsa poyera kuti, "Kasi iwe ndiwe kazitape wa ndani?" Anabwerera kunyumba chimanjamanja, siketi itathimbirira matope.

Anasintha kapemphedwe. Anayamba kunena kuti, "Envelopu sindikuifuna, adiresi sindikufuna kuiona. Ng'ambani nokha kangodya kali ndi sitampa, ndipo mundiuze dziko lokha." Apo mitima ya anthu inatsika. Masisitere a pachipatala china anamusungira m'kabokosi. Mwenye wina wogulitsa nsalu anamupatsa akale a agogo ake, n'kumuuza kuti akaona mawu oti anna pa mtengo wa sitampa aziyamba waganiza za India. Wansembe wina wokalamba anamuonetsa kuti Éire ndiko kwawo, ku Ireland, ndipo anamusunga nthawi yaitali akumufotokozera za ng'ombe za bambo ake.

Tsiku lina pachipata cha msika, anyamata ofunsa makhadi a chipani anamuuza kuti atsegule chikwama. Khadi anali nalo, koma pansi pake panali mulu wa timangodya ta maenvelopu a mayiko osiyanasiyana. Nkhope zawo zinasintha.

"Ukulemberana ndi ndani kunja?"

Anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi. Dailesi akuyesa kufotokoza, mmodzi wa anyamatawo anamuyang'anitsitsa, kenaka n'kuphulika ndi phwete.

"Asiyeni awa! Si adokotala a mano aja? Amayi anga analipo tsiku limenelo. Pitani adokotala, odwala akudikira!"

Anadutsa pakati pa msika anthu akuseka, misozi ili m'maso. Manyazi amene ankawabisa ndi amene anamupulumutsa tsiku limenelo, koma musaganize kuti zinamukomera. Zinamuwawa mpaka kunyumba.

Si mboni iliyonse inali yoona. Kalaliki wina wodziwa zonse, wa bolopeni zitatu m'thumba la malaya, anamuuza mosakayika kuti Suomi ndi ku Somalia. Dailesi analemba. Koma poiyang'ananso sitampayo anaona munthu wovala chijasi akutsetsereka pa timatabwa, pansi ponse pali poyera ndi chipale chofewa. Jogalafe yake ija inadzuka: ku Somalia kotentha kuja? Anapita nayo kwa namwino wina wachizungu, amene anaseka n'kunena kuti ndi ku Finland, kozizira kuposa Mzuzu mu Juni. Kuyambira pamenepo Dailesi anakhwimitsa lamulo. Mboni iyenera kukhala munthu amene analandira kalata kuchokera kumeneko, kapena amene anapondako ndi mapazi ake. Odziwa zonse anawasiya adziwe okha.

Lamulo limeneli linamuyendetsa. Anafika mpaka mkati mwa dera la Mchengautuwa kufunafuna madala amene anagwirako ntchito ku Joni, ku Wankie ndi ku Tanga. Ena ankamuuza dziko pakhomo pomwepo. Ena ankamukhazika pa mpando n'kuyamba mbiri yonse ya ulendo, kuchokera tsiku limene anatsanzikana ndi amayi awo. Iye ankamvetsera, mwana ali kumsana, poti anazindikira kuti anthuwa palibe amene anawafunsapo za kumene anayenda.

Pang'onopang'ono maso ake anatseguka. Anaphunzira kuyang'ana dzina kaye, likasowa ayang'ane mtundu wa ndalama, ikasowa ayang'ane kalembedwe ka zilembo, kenaka chithunzi, kenaka chidindo cha positi ngati chikuwerengeka. Anadziwa kuti duwa lozungulira la masamba ambiri pamwamba pa sitampa yakale ndi chizindikiro cha Japan, kuti Magyar ndi Hungary, kuti Norge ndi Norway. Pomata analeka. Ankasokerera timizere ta pepala pa katoni, sitampa n'kumangoilowetsa kuseri kwake ngati khadi m'thumba la malaya, ndipo pansi pake ankalemba dziko ndi dzina la amene anamuuza.

Bambo ake nthawi yonseyi sankalankhula naye zoposa moni. Koma m'mawa wina Dailesi anapeza timangodya ta maenvelopu pawindo la kachipinda kake, titapanikizidwa ndi mwala. Pa kalikonse panali dzina la dziko, lolembedwa ndi pensulo m'kalembedwe kopendekeka ka kalaliki. Sanakambirane za zimenezi. Mwalawo unkangopezeka pawindo nthawi ndi nthawi.

Kenaka mvula inatsanzika. Kunayamba kuzizira kwa Mzuzu kolowa m'mafupa kuja, ndipo a Boniface anatsika basi.

Anali mdala wamtali, wowongoka ngati mlongoti, wa mawu ochepa. Ali mnyamata anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma za kunkhondoko sankakamba ndi mwana aliyense wa m'banja. Anamva nkhani yonse kwa alamu awo, ya sizasi ndi ya dzina lachipongwe lomwe, n'kupukusa mutu.

"Ntchito uli nayo?" anafunsa.

"Ayi, amalume."

"Ndiye wakhala ukutani miyezi yonseyi?"

Dailesi anatulutsa makatoni ake. A Boniface anangowaponyera diso.

"Mwana sadya mapepala. Longedza zovala zake, mawa tinyamuka."

Dailesi anagwada. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti amuperekeze kusitolo kwa Mama Marjorie akabweze zimene anawononga, asadzachoke mu Mzuzu ali ndi mlandu. Pa nkhani yobweza za eni ake msilikali wakaleyo sakanakana. Anamunyamula yekha Stella, ngati kuti ulendo wayamba kale, n'kutsogola.

Chichokereni tsiku la m'holo lija, Dailesi anali asanayang'anane maso ndi Mama Marjorie. Akawaona kumsika ankalowa pakati pa ogulitsa nthochi. Lero analowa m'sitolo mwawo mutu uli pansi, n'kuika makatoni pa kauntala.

"Monire adada," anatero Mama Marjorie kwa a Boniface, n'kuwapatsa mpando. Kenaka anavala magalasi n'kuyamba kuyang'ana katoni imodziimodzi. Anatulutsa sitampa ina, n'kuitembenuza, n'kuyendetsa chala pa timano take. Anawerenga mayina a mboni, ena n'kuwazindikira.

"Mpaka kwa adada aja a ku Mchengautuwa unafikako? Aja salankhula ndi munthu aja?"

"Ndinafikako, mama."

"Yewo chomene. Amayi a Umanyano alandira." Anabwezera sitampayo m'malo mwake. "Koma makatoni okongola ndinawaonapo kale, mwana wane. Tsiku lija nawonso anali okongola."

Mawuwo anamulasa Dailesi, koma anali oona. Mama Marjorie anatsegula dirowa n'kutulutsa kaphukusi kakang'ono. Anati kanasiyidwa ndi mmishoni wina wokalamba, ndipo sikanalowe m'chitini chija, n'chifukwa chake kanapulumuka. Anati alendo opita ku Nyika ndi ku Nkhata Bay amafunsa masitampa m'sitolomo kawirikawiri, ndipo pakona paja pakhoza kukhala tebulo, koma tebulolo likufuna munthu amene sadzawachititsanso manyazi.

"Ndiuze kwawo kwa awa."

Dailesi anayamba. Iyi Switzerland. Iyi Greece, anandiuza bambo wina wachigiriki wophika buledi. Iyi ilibe dzina, ndi ya ku Britain. Iyi Mozambique nthawi ya Apwitikizi, onani mtengo wake. Mawu ake analimba pang'onopang'ono. Ngakhale a Boniface anasiya kuyang'ana kunja.

Yomaliza inali yotuwa, yachikalekale. Panali njovu itanyamula chipika, ndi zilembo zozungulirazungulira zimene Dailesi anali asanazionepo. Anaiyang'ana kutsogolo, anaiyang'ana kumbuyo. Dzina lowerengeka panalibe, chidindo chinali chitafufutika.

Mtima unamunong'oneza kuti anene India. Njovu yogwira ntchito, si India imeneyo? M'sitolomo munalibe mzungu wa magalasi woti amutsutse. Mama Marjorie sakanadziwa. Mawu amodzi okha, tebulo likanakhala lake, ndipo mwana amene anali pamiyendo pa amalume akanabwerera kumsana kwake. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Iyi sindikuidziwa, mama. Ndikanena dziko ndinama."

A Boniface anadzuka, mwana ali m'manja.

"Mwamva nokha, mayi. Tisakutayitseni nthawi."

Dailesi anamva manyazi aja a m'holo akukwera kuchokera kumapazi. Koma miyezi yonse ija inali itamuzoloweza chinthu chimodzi: sitampa ikakukanika, yang'ana amene anayenda. Ndipo m'sitolomo munali munthu mmodzi amene anawoloka nyanja. Anali yemweyo amene anabwera kudzamulanda mwana.

Anagwada pa simenti yozizira, n'kukweza sitampayo ndi manja awiri.

"Amalume, inu munayenda kutali. Taioneni, mwina mungandiuze."

"Ine ndi zoseweretsa ana?"

"Chonde, amalume. Ine sindikudziwa."

Mdalayo anailandira monyinyirika, n'kuitalikitsa ndi maso monga amachitira okalamba. Kenaka anasunthira pakhomo pamene panali kuwala. Anakhala nthawi ali chiimire. Atabwerera anakhalanso pampando uja, pang'onopang'ono, ngati miyendo yawalemera.

"Njovu iyi ndinaiona ndi maso angawa," anatero. "Kwathu njovu timaithawa, koma kumeneko imagwira ntchito ngati ng'ombe yapangolo. Inkatinyamulira zipika tikumanga milatho, mvula ili pamsana usana ndi usiku. Zilembo zozungulira ngati mphetezi zinali pa zikwangwani ponseponse. Uku ndi ku Burma." Anayang'ananso sitampayo. "Anzanga ena ndinawasiya komweko."

Stella ankangokoka batani la jekete la agogo akewo.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero a Boniface kwa Dailesi. "Lemba. Burma. Mboni ndi ine."

Dailesi analemba, ngakhale zilembo zinkavina m'misozi.

Mama Marjorie anavula magalasi.

"Ukanati India, ndikanakhulupirira, ndipo tsiku lina mlendo akanadzatiseka tonse. Ine ndimafuna munthu amene akafika pamene sadziwa amaima."

A Boniface anatembenukira kwa iwo.

"Tebulo mwanenalo, mayi, lilipodi?"

"Lilipo, adada. Ayambe Lolemba."

Mdalayo anamuyang'ana mwana uja nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, n'kumuika m'manja mwa mayi wake.

"Ndiye uyu azisewera pansi pa tebulolo. Basi ndikwera ndekha."

Ndipo anakweradi okha.

Masitampa atsopano aja amayi a Umanyano anawagulitsa, thandizo n'kufika kwa ana osaona ngakhale linachedwa. Tebulo la pakona linayamba ndi timaphukusi tochepa, kenaka aphunzitsi anayamba kubwera ndi ana asukulu kuti adzaone mayiko amene ankangowamva m'kalasi. Dailesi anaphunzira kudzera m'makalata mpaka anakhoza mayeso amene anamuphonya aja. Patapita zaka anatsegula sitolo yakeyake ku Geisha, mu Mzuzu momwemo. Stella anaphunzira kuyenda atagwira mwendo wa tebulo, anakulira pambali pa mayi wake, ndipo sukulu anaimaliza.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Dailesi analidya phulalo anthu akuona, ndipo kuwawa kwake sanakuiwale. Koma taonani chimene manyazi amachita: amakutsekera m'nyumba, n'kukuuza kuti ukatuluka ufa. Amanama. Chimene chikanamulanda mwana si kuseka kwa anthu ayi, koma kukhala chete m'kachipinda kaja.

Inu amene mwagwa poyera, amene dera lonse likudziwa pamene munapunthwa, dzukani mutsegule chitseko. Yambirani kwa munthu amene mukuopa kumuyang'ana m'maso, mukamuuze kuti, "Sindikudziwa, ndiphunzitseni." Adzaseka ena, asiyeni aseke. Musataye mtima, abale anga, ndipo pamene simukudziwa, funsani.